Ukafuna tiyi, patuka: mbiri ya malo opumulira pa misewu ikuluikulu ya ku America

Mayeso tachonga, malipoti tapereka, ndiye ndapeza kampata kolemba nkhani imene ndakhala ndikuiwerenga pang'onopang'ono chaka chino. Si ya nkhondo kapena ya mafumu ayi. Ndi ya chimbudzi, mafuta a galimoto ndi tiyi wa paulendo. Musaseke msanga, pakuti m'kati mwake muli ndale, tsankho, matauni amene anafa, ndi munthu amene anaphedwa chifukwa chosowa poimika galimoto.

Anandiyambitsa ndi mmodzi wa ana anga akale amene amayendetsa thiraki ku America. Anandilembera kuti chinamudabwitsa atangofika n'chakuti pa misewu yawo ikuluikulu, yotchedwa Interstate, malo opumulira alipo a mitundu iwiri. Ena ndi a boma, ali m'mbali mwenimweni mwa msewu, ndipo amawatcha rest area. Pamenepo pali zimbudzi, madzi, matebulo, poimika galimoto ndi makina oponyamo ndalama otulutsa zakumwa, basi. Palibe wogulitsa mafuta, palibe wophika. Ukafuna mafuta, chakudya chotentha kapena pogona, uyenera kutsika pa msewuwo potulukira, pamene iwo amati exit, n'kuyenda kamtunda. Iye ankayesa kuti mabizinesi anangosankha okha kutero. Koma ayi, ndi lamulo, ndipo linakhazikitsidwa mu 1956.

Msewu usanatchingidwe

Poyamba misewu ya ku America inkadutsa pakati pa matauni, monga M1 yathu imadutsira pa Lizulu kapena pa Jenda. Msewu wotchuka wa Route 66, umene unakhazikitsidwa mu 1926 kuchokera ku Chicago mpaka ku Los Angeles, unali choncho. Aliyense wokhala ndi malo m'mbali mwake ankatha kuika pampu ya mafuta, kumanga zipinda zogona alendo kapena kutsegula kantini. Matauni ambiri ankadya za mumsewu. Ngakhale malo ongokhalapo pamthunzi anayamba ndi anthu a m'maboma ang'onoang'ono: anthu a ku Michigan amanyadira kuti injiniya wawo Herbert Larson ndiye anapatula malo oyamba otere mu 1919.

M'chaka chomwecho cha 1919, msilikali wachinyamata Dwight Eisenhower anali pa mdipiti wa galimoto zankhondo umene unachoka ku Washington kupita ku San Francisco. Ulendowo unatenga masiku 62, chifukwa cha matope, mchenga ndi milatho yofooka. Pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse munthu yemweyu anaona misewu ya Autobahn ya ku Germany, yopanda mphambano, yolowera ndi kutulukira pa malo okonzedwa okha. Zinthu ziwirizi sanaziiwale.

Koma msewu woyamba wautali wa mtundu umenewu ku America unamangidwa iye asanakhale mtsogoleri. Unali Pennsylvania Turnpike, umene unatsegulidwa pa 1 October 1940, wotalika mamailosi 160, amene ndi makilomita pafupifupi 257. Unali wolipira. Ukalowa unkatenga tikiti, ukatuluka unkalipira. Tsono poti kutuluka kunali kovuta, eni msewuwo anamanga malo omwetsera mafuta ndi odyera m'kati momwemo, n'kupereka ufulu wogulitsa kwa makampani osankhidwa: mafuta anali a Esso, chakudya chinali cha Howard Johnson's. Zigawo zina monga New Jersey, New York ndi Ohio zinamanganso misewu yolipira m'zaka za m'ma 1950, n'kutengera njira yomweyo.

Apa mpamene panabuka dandaulo limene aliyense wokwera basi amalidziwa. Basi ikaima pa malo amodzi, wogulitsa n'kukhala mmodzi yekha, mtengo amatchula iye, iwe wako n'kulipira kapena kugona ndi njala. Nawonso amalonda a m'matauni ankaona galimoto zikudutsa kuseri kwa mpanda, ndalama zonse zikuthera m'thumba la kampani imodzi imene yagwirizana ndi boma.

Lamulo la 1956

Pa 29 June 1956, Eisenhower, tsopano ali pulezidenti, anasaina lamulo la Federal-Aid Highway Act. Linavomereza misewu yotalika mamailosi 41,000, kapena kuti makilomita pafupifupi 66,000, ndipo boma lalikulu linalonjeza kulipira madola 90 pa madola 100 alionse, zigawo n'kumalizitsa otsalawo. Wolipira ndiye amalamula. Mwa zina, boma lalikulu linati chigawo chilichonse cholandira ndalamazi chisalole malo omwetsera mafuta kapena bizinesi ina yotumikira apaulendo kumangidwa pa malo a msewu. Malo amene analipo kale pa misewu yolipira chisanafike chaka cha 1960 anawasiya. N'chifukwa chake woyenda ku Pennsylvania kapena ku New Jersey amapeza chakudya pamsewu pomwepo, pamene woyenda ku Iowa amayenera kupatuka.

Maganizo a aphungu anali awiri. Choyamba, wapaulendo asagwidwe ukapolo ndi wogulitsa mmodzi. Akapatuka apeze ogulitsa angapo olimbirana makasitomala. Chachiwiri, matauni amene msewu watsopano uwalambalale asafe ndi njala; njala ndi ludzu la apaulendo ziziwakokera kunja kwa mpanda, ndalama zizigwera kwa eni dera.

Nanga wotopa, wofuna kungotambasula miyendo? Iyeyu ndiye anamumangira rest area. Mu 1958 bungwe la akuluakulu oyang'anira misewu m'zigawo linatulutsa ndondomeko ya malo amenewa, ndipo dzina lake lonse linali ndi mawu oti safety, kusonyeza kuti cholinga chinali kuchepetsa ngozi za madalaivala osinza. Si malo a malonda ayi, ndi malo opulumutsira moyo.

Ndimakonda kuuza ana a Fomu 4 kuti ukafuna kumvetsa lamulo, usafunse zimene likunena zokha, ufunsenso kuti likuteteza ndani. Lamulo ili linalembedwa kuti liteteze kantini ya m'tauni. Tiyeni tione ngati linaitetezadi.

Opindula ndi oluza

Paja akuluakulu anati walira mvula walira matope. Anthu anafuna msewu wachangu, ndipo anaupeza, koma msewu wachangu sudutsa pakati pa tauni. Umadutsa kumunda, makilomita angapo kuchokera pamsika. Ndipo dalaivala amene wapatuka safuna kupita kutali. Amaima pa pampu yoyamba imene waiona. Mlendo ndi mame. Choncho ndalama sizinabwerere m'tauni monga ankaganizira aphungu aja. Zinaunjikana pa mphambano ya potulukira pomwepo, ndipo amene anali ndi chuma chogulira malo amenewo mwachangu anali makampani a mafuta ndi mabizinesi a nthambi zambiri.

Chitsanzo chimodzi mumachidziwa ngakhale simunapiteko. Ku Corbin, m'chigawo cha Kentucky, kunali bambo wina dzina lake Harland Sanders, amene anali ndi malo odyera ndi ogona m'mbali mwa msewu wakale wa US 25. Zitamveka kuti Interstate 75 idzalambalala malowo, bizinesi inatsika mtengo, ndipo pakati pa zaka za m'ma 1950 anaigulitsa, ali ndi zaka zoposa 60. Anatsala ndi kakonzedwe kake ka nkhuku. Anayamba kuyenda ndi galimoto kukopa eni malo odyera kuti azigwiritsa ntchito dzina lake ndi zokometsera zake, iye azilandirapo kangachepe pa nkhuku iliyonse. Ndiyo KFC imene mumaiona ku Lilongwe ndi ku Blantyre. Koma musanyengedwe ndi nkhani ya munthu mmodzi. Pa Sanders mmodzi panali mazanamazana amene anangokhoma zitseko. Tauni ya Williams ku Arizona inali yomaliza pa Route 66 kulambalalidwa, mu 1984, ndipo mu 1985 msewuwo unachotsedwa pa mndandanda wa misewu ya dziko.

Mbali inayi, mphambano zinabala zimphona. Mu 1964, Interstate 80 isanathe n'komwe, pa Walcott ku Iowa anatsegula malo oimapo mathiraki pakati pa minda ya chimanga. Malowa, otchedwa Iowa 80, ali pa potulukira nambala 284, anakula mpaka kumadzitcha aakulu koposa onse padziko, ndipo ali ndi poimika mathiraki mazanamazana, mabafa, ometa tsitsi ngakhale dokotala wa mano. Mu 1969, ku Lebanon m'chigawo cha Tennessee, Dan Evins, amene ankagulitsa mafuta a Shell, anatsegula malo odyera pafupi ndi Interstate 40 pofuna kuti anthu aziima n'kumwetsa mafuta. Chakudya chinapambana mafuta, ndipo Cracker Barrel inafalikira pa mphambano zambirimbiri.

Chodabwitsa kwambiri ndi kamudzi ka Breezewood ku Pennsylvania. Pamenepo Interstate 70 imakumana ndi Turnpike yolipira ija. Chifukwa cha malamulo a nthawiyo okhudza kugwiritsa ntchito ndalama za boma lalikulu polumikiza msewu waulere ndi wolipira, misewu iwiriyi sanailumikize mwachindunji m'zaka za m'ma 1960. Galimoto zonse zinkakakamizika kutsika, kudutsa pa maloboti m'kamsewu kakafupi, n'kukweranso. Kamsewu kameneko kanadzaza ndi mapampu, mamotelo ndi zikwangwani, ndipo kwa zaka zoposa 50 kamudziko kanadya za mpata umene malamulo anausiya.

Panalinso vuto la zikwangwani. Ngati bizinesi ili kuseri kwa phiri, wothamanga pamsewu aidziwa bwanji? Amalonda anayamba kupikisana pa kutalika kwa mapolo ndi kukula kwa zikwangwani. Mu 1965 Pulezidenti Lyndon Johnson anasaina lamulo la Highway Beautification Act, limene mkazi wake Lady Bird Johnson analilimbikira kwambiri, lochepetsa zikwangwani m'mbali mwa misewu. M'malo mwake, patapita nthawi, kunabwera zikwangwani za boma za buluu zimene zimaikidwa usanafike potulukira, zosonyeza zizindikiro za ogulitsa mafuta, chakudya ndi malo ogona. Koma chizindikiro chimathandiza amene akudziwika kale. Wothamanga pa liwiro la makilomita 110 pa ola amazindikira msanga chilembo chachikasu cha McDonald's. Dzina la kantini ya mayi wa m'deralo alibe nthawi yoliwerenga.

Si onse amene ankaloledwa kupatuka

Pali mbali ina imene ife akuda sitingaidumphe. Lamulo la 1956 linapereka njala ndi tulo ta wapaulendo m'manja mwa amalonda, pa nthawi imene amalonda ambiri, makamaka kummwera kwa dzikolo, ankakana kutumikira anthu akuda. Banja lakuda linkatha kuyenda pa msewu umene linaulipirira msonkho, koma likapatuka n'kukanizidwa chimbudzi, chakudya ndi chipinda. Kuyambira mu 1936, wogwira ntchito ku positi wa ku New York, Victor Hugo Green, ankasindikiza kabuku kotchedwa Green Book, kolozera apaulendo akuda malo amene angalandiridwe. Ambiri ankanyamula kamba wokwanira ulendo wonse ndi zigubu za mafuta, kuti asaime pamene sakuwafuna.

Izi zinasintha ndi lamulo la Civil Rights Act la 1964. Mwini motelo ya Heart of Atlanta, ya zipinda 216, imene inali pafupi ndi Interstate 75 ndi 85, anakasuma kuti boma lalikulu lilibe mphamvu yomuuza woti amulandire m'bizinesi yake. Mu December 1964 khoti lalikulu la dzikolo linamugwetsa. Mfundo yake inali yakuti alendo ake ambiri ankachokera m'zigawo zina, choncho bizinesi yake inali mbali ya malonda a pakati pa zigawo, amene Nyumba ya Malamulo ili ndi mphamvu yowalamulira. Taonani: msewu umene unkamubweretsera makasitomala ndi womwewo unamulanda ufulu wosankha khungu.

Chimbudzi chosabweretsa ndalama

Malo opumulira a boma aja anakhala ngati mwana wamasiye. Amafuna madzi, magetsi, osesa ndi alonda, koma lamulo limawaletsa kupanga ndalama. Kusintha kumodzi kokha kwakukulu kunachitika mu 1982, pamene analola makina ogulitsa zakumwa ndi tizakudya, ndipo mwayi woyamba woyendetsa makinawo unaperekedwa kwa amalonda osaona, potsatira mzimu wa lamulo la Randolph-Sheppard la 1936.

Chuma chitavuta mu 2009, zigawo monga Virginia ndi Arizona zinatseka malo ambiri otere kuti zipulumutse ndalama. Ku Virginia anthu anakwiya mpaka nkhaniyo inalowa m'kampeni, ndipo bwanamkubwa watsopano Bob McDonnell anawatsegulanso mu 2010.

Amene amavutika koposa ndi madalaivala a mathiraki. Lamulo la kumeneko limati dalaivala wa katundu asayendetse maola oposa 11 asanapume maola 10. Nthawi ikakwana ayenera kuima, koma malo oimikapo ndi ochepa poyerekeza ndi mathiraki. Mu March 2009, dalaivala wa ku New York, Jason Rivenburg, anafika msanga ndi katundu wake ku South Carolina. Posowa poima, anaimika pa malo omwetsera mafuta amene anasiya kugwira ntchito. Usiku anaphedwa ndi wakuba amene anangopeza madola 7. Mkazi wake sanakhale chete, ndipo mu 2012 Nyumba ya Malamulo inavomereza ndime yotchedwa Jason's Law, yoika kusowa kwa malo oimika mathiraki m'gulu la nkhani za chitetezo cha pamsewu zoyenera ndalama za boma.

M'chaka chomwecho cha 2012, seneta Rob Portman wa ku Ohio anapempha kuti zigawo ziloledwe kuchita malonda pa malo opumulira, kuti malowo azidzilipirira okha. Anagonja ndi mavoti 86 kwa 12. Otsutsa anali eni malo oimapo mathiraki, ogulitsa mafuta, makampani a zakudya ndi mabungwe a osaona. Lamulo limene linabadwa kuti liteteze kantini yaing'ono tsopano linali ndi alonda amphamvu, amene anaika chuma chawo pa mphambano podalira kuti boma silidzapikisana nawo. Njira yapakati imene anaipeza mu 2005 ndi ya Interstate Oasis: bizinesi ya pa mphambano, yosapitirira mamailosi 3 kuchokera pamsewu, yotsegula usana ndi usiku, yokhala ndi zimbudzi ndi poimika mathiraki, imapatsidwa chikwangwani cha boma.

Anzawo a ku Ulaya

Germany inayenda njira ina. Kumeneko malo odyera ndi omwetsera mafuta ali pa Autobahn pomwepo, amawatcha Raststätte, ndipo pafupifupi onse ali m'manja mwa kampani imodzi, Tank & Rast, imene inali ya boma mpaka 1998. Zimene aphungu a ku America ankaopa zija zimaoneka kumeneko: bungwe la oyendetsa galimoto la ADAC lakhala likupeza mobwerezabwereza kuti mafuta a pa Autobahn ndi okwera mtengo kwambiri, ndipo chimbudzi n'cholipira. Ndiye kunabadwa opikisana nawo, otchedwa Autohof, amene ali kunja kwa msewu. Kuti apatsidwe chikwangwani pa Autobahn ayenera kukhala osapitirira kilomita imodzi kuchokera potulukira, kutsegula maola 24 ndi kukhala ndi poimika mathiraki osachepera 50.

Ku Britain, malo a Watford Gap anatsegulidwa pamodzi ndi msewu wawo wa M1 pa 2 November 1959. Boma ndilo linkasankha malo n'kuwabwereketsa kwa makampani. Mu 1992 linasiyira amalonda kuti azidzipezera okha malo, ndipo ambiri atsopano anamangidwa pa mphambano, pakuti nyumba imodzi imatumikira opita ndi obwera omwe. Koma boma linasunga zofunika: zimbudzi zaulere, kuimika galimoto kwaulere kwa maola awiri, ndi kutsegula usana ndi usiku. Chitsanzo chimene chimandisangalatsa ndi Tebay. Msewu wa M6 utadula famu ya John ndi Barbara Dunning, iwo anatsegula malo opumulira mu 1972, n'kumagulitsa zakudya za alimi a m'deralo.

Nanga kwathu kuno?

Ife tilibe misewu yotchingidwa ngati imeneyi, ngakhale amene mumapita ku Joni pa basi mumawadziwa malo a Shell Ultra City ndi Engen 1-Stop pa N1. Kwathu malo opumulira ndi msika wa m'mbali mwa msewu: mbatata ndi kabichi pa Lizulu ndi pa mphambano ya Tsangano, chiwaya ndi kanyenya pa Zalewa, mavenda akuthamangira mawindo a basi. Ubwino wake ndi woonekeratu. Ndalama ya wapaulendo imagwera m'manja mwa mlimi mwiniwake, ndipo ana ambiri amene ndawaphunzitsa fizi yawo inachokera m'beseni la amayi awo pamsewu. Chimene America inalephera kuchiteteza ndi lamulo, ife tili nacho.

Koma mtengo wake timaudziwanso. Mu May 2019 thiraki inalowa pakati pa anthu pa msika wa Kampepuza ku Ntcheu, ndipo anthu oposa 15 anafa. Msika ndi msewu waukulu sizingagone pa mphasa imodzi mpaka kalekale. Misewu yolambalala yayamba kale, monga ya kumadzulo kwa Lilongwe, ndipo zipata zolipiritsa zinatsegulidwa pa Chingeni mu 2021 ndi pa Kalinyeke mu 2022. Tsiku lina adzafuna kulambalala misika inanso. Funso la 1956 lidzatipeza: galimoto zizikaima pati, ndipo wogulitsa pamenepo adzakhala ndani?

Ine ndikuona kuti yankho labwino lili ku Japan. Kuyambira mu 1993 iwo akhala akumanga malo otchedwa Michi-no-Eki m'mbali mwa misewu wamba. Anayamba ndi 103, ndipo anapitirira 1,000. Amakhazikitsidwa ndi maboma ang'onoang'ono, ali ndi poimika galimoto ndi zimbudzi zaulere usana ndi usiku, ndipo mashelefu ake ndi a alimi a m'deralo. Msika uchoke paphula, koma usachoke m'manja mwa eni ake. Phunziro la ku America ndi lakuti kungoletsa sikukwanira. Ngati sunasungire anthu wamba malo pamene galimoto zidzaime, malowo adzagulidwa ndi wa thumba lalikulu msewu usanathe.

Kwa aphunzitsi anzanga a History ndi Geography, yesani izi teremu ikubwerayi. Tumani ana akafunse agogo awo kuti msika wa kwawo unali pati msewu wa tara usanabwere, sitolo zoyamba zinali za ndani, ndipo ndani anasamuka, ndani anatsala. Ajambule mapu awiri, akale ndi atsopano. Sizifuna ndalama, ndipo ana amazindikira okha kuti mzere umene injiniya amajambula mu ofesi umasankha banja limene lidye ndi limene ligone ndi njala. Mukapeza zosangalatsa mundiuze.

Amene mukuyenda pa holideyi, muyende bwino. Ndipo inu madalaivala, tulo tikakugwirani imani.